Amwenye timangowadziwa pa kauntala

Amene mumandidziwa ntchito yanga mukuidziwa kale, kubena mafilimu ndi nyimbo m'mafulashi ndi m'mamemole, kutchaja mafoni, pena kukonzako ikakhala nkhani ya chaja kapena sikirini, kashopu kanga kali cha kumsika kuno ku boma. Nde mafilimu achimwenye ndawaona ambiri zedi, osati poti ndimawakonda iyayi, koma kasitomala akati "tayesani kaye achimwene ngati ikuonetsa" umatsegula basi. Ogula kwambiri ndi azimayi, makamaka omasulira m'Chichewa aja oti DJ amalankhula mpaka mwini filimu osamvekanso. Zaka zonsezi ine ndinkati gule wachimwenye ndi yemweyo, mnyamata ndi mtsikana kuthamangitsana paphiri, mvula kungoyamba popanda mtambo, kenako chigulu cha anthu kutulukira kaya kuchokera kuti onse sitepe imodzi. Mumtima ndinkati awa ndinawamaliza kuwadziwa.

Anandiyalutsa ndi mwana wa achemwali anga. Kamtsikanaka kali Sitandade 4, Loweruka kamaswera kushopu kwanga mayi ake akapita kukapikula usipa ku Makawa. Kanatola zitsekerero za mabotolo, kuziphwanya ndi mwala, kuboola ndi msomali, kutunga pa ulusi wa thumba la feteleza nkumanga m'miyendo kuti zizilira ngati za m'filimu zija. Nde Loweruka lina mu Novembala chaka cha dzana, dzuwa la Mangochi mukulidziwa lija loti olo mbuzi imakana kuchoka pamthunzi, kunabwera mayi wina wachimwenye ndi foni yokana kutchaja. Sanali wa m'sitolo ayi, anali mlendo, amuna awo anabwerera ntchito ya miyezi yochepa konkuno. Ndangoti ndiiyese foni ija magetsi thii. Ndinawapatsa benchi kuti adikire, uku kamwana kaja kali pakhonde tswee tswee ndi zitsekerero zake, khosi uku ndi uku.

Mayi aja anayang'ana, kuseka atagwira pakamwa, kenako ndinangoona akuvula masilipasi.

"Madamu, simenti ikuwotcha imeneyo," ndinatero. Sanandimvere nkomwe.

Choyamba chomwe anachita sikunali kuvina. Anaponda pansi, kunjuta, kugunda simenti ndi nsonga za zala nkudzigwira m'maso, kenako manja pamodzi. Nditafunsa anati kwawo ku Tamil Nadu, kummwera kwa India, munthu sayamba gule asanapepese nthaka poti ukhala ukuiponda mwamphamvu, ndipo pomaliza umapepesanso. Gule wake dzina ndi Bharatanatyam, iwo anayamba kuphunzira ali kamwana ngati kathu komweka. Dzinali linanditengera sabata kuti ndilitchule osaluma lilime.

Anamuimika mwana uja zidendene pamodzi, phazi lina kuloza uku lina uko, maondo kupinda nkuwatambasula ngati ukukhala pampando woti palibe, msana uli njo. Akuti kaimidwe kameneka ndi aramandi ndipo mbali yaikulu ya guleyu imavinidwa uli chomwecho. Kenako kuponda, tai ya tai, tai ya tai, iwo akuwerenga ndi pakamwa. Ine ndi matama anga a mpira wa Lamlungu ndinati ndiyeseko. Abale olo miniti sinakwane, ntchafu zinayamba kunjenjemera ngati ndakwera phiri la ku Chowe ndi thumba la chimanga, anyamata a kabaza pa siteji paja anaseka mpaka wina kugwetsa njinga. "Ankolo mwatha, khalani pansi," kanatero kamwana kaja, iko kali chiimire bwinobwino.

Koma pomwe ndinagomera ndi pa manja. Dzanja lotambasula zala zogundana, chala chachikulu chopinda pang'ono, akuti pataka, ndi mbendera koma likhozanso kunena mtambo, nkhalango, chitseko, kutengera ndi momwe walinyamulira. Zala zoyanza mozungulira ndi duwa la kakombo lomasula. Chibakera chala chachikulu chili m'mwamba, chomwe ife timati zili bho, iwo ndi uta wa munthu wankhondo. Kenako anasanjika dzanja lina pamsana pa linzake zala zazikulu zili kunja uku ndi uku, nkumazigwedeza pang'onopang'ono manja akuyenda chokhotakhota.

"Ankolo, chambo icho!"

Chinalidi chambo ndithu, zipsepse zake zonse. Iwo amati matsya, nsomba. Mayi aja anafunsa kuti chambo nchiyani, tinawalozera amayi ogulitsa chokazinga tsidya la msewu.

Pomaliza anatisewerera kankhani kakafupi opanda ng'oma, opanda liwu olo limodzi. Mkazi akudzikongoletsa pagalasi, kuyatsa nyale, kukhala pansi kudikira, kumva mtswatswa panja maso kuwala, kuthamangira kuchitseko, kutsegula, kuyang'ana uku ndi uku, nkhope kugwa pang'onopang'ono. Amayi ena ogulitsa mandasi omwe anaima ndi beseni pamutu anangoti "aaa, bambowo sanabwere eti, amuna ndi amodzi dziko lonse." Chizungu sachidziwa amayi amenewa, Chitamil ndiye osanena, koma nkhani yonse anaimva. Magetsi atayaka foni ija ndinapeza kuti linali fumbi chabe lodzadza polowera chaja, ndinachotsa ndi singano. Sindinawaonenso mayi aja.

Kuyambira tsiku limenelo bandulo yanga ya usiku yathera pa magule a ku India, ndipo zomwe ndapeza nzoti za m'mafilimu zija ndi kasakaniza chabe, kutapa apa kutapa apo nkuthira shuga. Eni ake ali ndi bungwe la boma loona za nyimbo, magule ndi zisudzo, Sangeet Natak Akademi, lomwe limawerenga magule 8 kuti awa ndiye akuluakulu a makolo: Bharatanatyam uja, Kathak wa kumpoto, Kathakali ndi Mohiniyattam a ku Kerala, Kuchipudi, Odissi, Manipuri, ndi Sattriya wa ku Assam yemwe anamulowetsa mu 2000. Ambiri mwa amenewa muzu wawo uli m'buku lakale la Natya Shastra, la zaka pafupifupi 2,000, lomwe linalemba mpaka kayendetsedwe ka nsidze. Muli mavinidwe 108 otchedwa karana, ndipo pa zipata za kachisi wa ku Chidambaram anawasema pamwala, woiwala akhoza kupita kukaonera pakhoma. Zizindikiro za dzanja limodzi zomwe ana a Bharatanatyam amaloweza zilipo 28, ndiye palinso zina za manja awiri ngati chambo chija. Wa Kathak ndiye amamanga tizibelu toposa 100 mwendo umodzi, nkumayankhana ndi woimba ng'oma ya tabla, ng'oma ikanena mapazi abweze chimodzimodzi, kenako kuzungulira ngati nguli nkuima dzii pa kugunda komaliza. Zitsekerero za kamwana kathu zija zinali 12.

Nkhani yomwe inandikhudza kwambiri koma ndi mbiri ya Bharatanatyam yemweyo, chifukwa lero ndi gule wa ana a mabwana, madokotala ku London ndi ku America amalipira ndalama zambiri kuti ana awo aphunzire, koma kale sizinali choncho. Ankatchedwa sadir, ndipo ovina ake anali akazi otchedwa devadasi, omwe ankaperekedwa ku kachisi ali ana, luso nkumapatsirana m'banja mayi kwa mwana. Nthawi ya atsamunda, kuyambira m'ma 1890, amishoni ndi amwenye ena ophunzira anayamba kampeni yoti guleyu ndi wa chiwerewere athe. Pena anali ndi mfundo, kupereka mwana wamng'ono kukachisi iye asanasankhe yekha si chinthu choti nkuchiikira kumbuyo, ndipo mu 1947 ku Madras anakhazikitsa lamulo loletsa. Koma potaya zoipazo anatsala pang'ono kutaya ndi gule yemwe. Anamutola ndi anthu a mabanja apamwamba, wodziwika kwambiri ndi Rukmini Devi Arundale yemwe anatsegula sukulu ya Kalakshetra mu 1936, kusintha zovala, kuchotsa zina zomwe ankati nzolaula, nkumukweza pa siteji. Gule anapulumuka inde. Koma eni ake enieni aja ambiri anangotsala ndi dzina loipa, kupatula ochepa ngati Balasaraswati yemwe anachokera m'banja la ovina ndipo sankagwirizana nazo zoti gule wa makolo ake amafunika kuchapidwa. Ndikuwerenga zimenezi ndinakumbuka momwe kuno amishoni ankalimbanirana ndi zinyau, munthu kuchotsedwa mumpingo kamba koti wapezeka kudambwe, lero gule yemweyo ali pa mndandanda wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, kuyambira 2005 ndipo akabwera alendo akuluakulu ndi yemwe timathamangira kukawaonetsa. Amene amadya nazo bwino ndani, wovina uja kapena wolankhula pa maiki? Mundiyankhe nokha.

Kunena za gule wamkulu, kwa abambo anga ndi kwa Nankumba nde ine ndinakula ndikuthawa akapoli, ndiye nditaona Kathakali koyamba ndinati aaa awanso ali ndi zilombo. Koma ayi, si chigoba chomwe amavala, ndi penti. Munthu amagona chagada maola atatu kapena kuposa wina akumujambula kumaso, m'mbali mwa nsagwada nkumata choyera cha phala la mpunga ndi pepala. Wobiriwira kumaso ndi mfumu yabwino kapena mulungu, wa ndevu zofiira ndi wankhanza, wa ndevu zoyera ndi Hanuman, mulungu wawo wooneka ngati nyani. Kuti maso afiire amaika kanjere kakang'ono mkati mwa chikope, ine kungoganiza misozi. Wovina salankhula, oimba ali kumbuyo ndi amene amanena nkhani iye nkumaimasulira ndi manja ndi maso, ndipo kale ankayamba madzulo pa nyale yaikulu ya mafuta mpaka kucha, amuna okhaokha olo mbali ya mkazi. Kusiyana kwake ndi kwathu nkoti iwo alibe chinsinsi, mlendo akhoza kukhala pompo kuonerera akupentedwa, pomwe ife ukangoyerekeza kusuzumira kudambwe usanamete ulipira mbuzi ngati uli ndi mwayi. Wofanana kwambiri ndi wathu ndi Theyyam wa kumpoto kwa Kerala komweko, pomwe wovina akavala amakhala si munthunso koma mzimu, anthu nkumabwera kudzamuuza mavuto awo, ndipo ovinawo ambiri ndi a mitundu yomwe imaonedwa yapansi koma tsiku limenelo olo wa mtundu wapamwamba amawerama.

Za zojambula sindinazilondole kwambiri, koma kamodzi kandikhalabe m'mutu. Ku Tamil Nadu azimayi m'mamawa akasesa pakhomo amawaza madzi nkujambula ndi ufa wa mpunga, madontho kaye kenako mizere yozungulira madonthowo, amati kolam. Pofika masana anthu aponda, nyerere zadya, mawa ajambulanso china. Achemwali nditawaonetsa anati "ufa wa mpunga weniweni, kuthira pansi? Ndi mitengo ya pano?" kkkk. Koma iwo omwe akazira nyumba kumudzi amalemba maluwa pakhoma ndi dothi lofiira ndi lakuda, mvula ikabwera zonse kuchoka, ndipo sanadandaulepo.

Tsopano funso lomwe linkandivuta ndi ili, anthu amenewa takhala nawo zaka zoposa 100, zitheka bwanji ine munthu wa zaka zanga kudzaona gule wawo weniweni koyamba kwa mlendo wodutsa? Kuno ku Mangochi ndiye anafika kalekale. Harry Johnston pomanga Fort Johnston mu 1891 asilikali ake anawatenga ku India, ma Sikh a nduwira aja, mtsogoleri wawo Captain Maguire anaphedwa chaka chomwecho pomenyana ndi Makanjira, nchifukwa chake kuli Fort Maguire tsidya lija. Kenako kunabwera amalonda, ambiri ochokera ku Gujarat, mpaka mawu oti lupiya omwe agogo ankatchula powerenga ndalama ndi rupee ya kwawo. Samusa ndi chapati tinalandira, timadya ngati zathu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula kuti achoke m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu ngati Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, masitolo akale a makhonde aakulu mumawaona m'ma trading centre aja ambiri anali awo. Nde ubale wathu unangotsala wa pa kauntala, iwe uku iye uko, "zingati bwana", "tsitsaniko", basi. Mlandu uli mbali zonse ine ndikuona, iwo amadzitsekera m'mipanda zochitika zawo ndi za okhaokha ndipo nkhani za momwe ena amasungira antchito tonse timazimva, ifenso sitinafunepo kudziwa china choposa mtengo wa nsalu. Timangoti amwenye ngati ndi mtundu umodzi, chonsecho ndi dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, zilankhulo zolembedwa m'malamulo awo zokha 22, Mtamil ndi Mgujarati akakumana nthawi zambiri amathawira ku Chizungu kuti amvane.

Chaka chatha ndinapita ku Limbe kukaoda mafulashi ndi machaja, ndinagona kwa msuweni wanga yemwe ndi dalaivala wa banja lina lachihindu. Anati usiku uno ndikawasiya ku gule tiye ukakhale nane m'galimoto. Inali nyengo ya Navratri, masiku 9 omwe amavina usiku uliwonse kulemekeza mulungu wawo wamkazi, imagwa cha mu Seputembala kapena Okutobala. Sitinalowe, tinaima poimika magalimoto nkumaonera pa chitseko chomwe chinali chotsegula kamba ka kutentha. Abale, ndi chimtali. Bwalo lozungulira, azimayi kuwomba m'manja, kuwerama, kutembenuka, sitepe patsogolo sitepe pambuyo, agogo ndi tidzukulu mzere umodzi, ng'oma ikuthamangirathamangira mpaka ofooka kumatuluka okha. Amati garba, dzinali likuchokera ku liwu lotanthauza mimba, ndipo pamwambo wake pakati pa bwalo pamakhala kamphika kadothi kobowolabowola muli nyale. Kenako anatenga timitengo tiwiritiwiri nkumamenyanitsa ndi mnzawo, ameneyo ndi dandiya. Mayi wina yemwe ndimamudziwa pa kauntala, nkhope yake yosaseka ngati wameza ndimu, ndinamuona akudumpha thukuta kamukamu akuseka mano onse panja. Garba ameneyu UNESCO inamulemba mu Disembala 2023 pa msonkhano womwe unachitikira ku Kasane, ku Botswana konkuno, pa mndandanda womwe pali gule wamkulu, vimbuza ndi tchopa. Amwenye achisilamu, omwe ndi ambiri kuno, savina nawo zimenezi, ndi mwambo wa Ahindu.

Ndasunga yokoma kumapeto. Ku Gujarat komweko, komanso ku Karnataka, kuli anthu akuda ngati ine ndi inu, tsitsi lathu lomweli, amatchedwa Siddi. Makolo awo anachokera kuno ku Africa, ena ngati asilikali ndi amalinyero, ambiri ngati akapolo kudzera m'madoko a kugombe la kum'mawa. Ife a Mangochi nkhani imeneyi si yachilendo, tikudziwa kuti anthu ankawoloka pano pa Shire ndi panyanja m'magoli ulendo wa ku Kilwa. Sidi Mubarak Bombay, yemwe anatsogolera azungu ofufuza malo, Speke ndi Burton ndipo kenako Stanley, m'maulendo awo muno mu Africa, anali Myao, anagwidwa ali mwana, kugulitsidwa ku Kilwa nkutengedwa kupita ku Gujarat, anabwerera ku Africa mbuye wake atamwalira ndipo ndi Speke ankalankhulana m'Chihindustani. Iye anabwerera, anzake ambiri sanabwerere. Zidzukulu za anthu ngati amenewo lero zimalankhula Chigujarati, zimavala ngati amwenye anzawo, kuli mudzi wa Jambur pafupi ndi nkhalango ya Gir woti ukauona pa vidiyo ungati ndi kwa Chimwala. Chilankhulo chinatayika, mayina anatayika. Koma gule wawo amamutchula kuti goma. Ngoma, ng'oma, liwu lathu lomweli. Ena amati dhamal. Amavina polemekeza woyera wawo wachisilamu Bava Gor, ng'oma zoimba ndi manja, kuvala nthenga za pikoko m'chiuno, wina kuponya kokonati m'mwamba nkuiswa ndi mutu, ali ndi uta woimbira wa chingwe chimodzi ndi chikho womwe amati malunga, ndipo m'nyimbo zina mukadali mawu a Chiswahili. Nyimbo zawo zachipembedzo dzina lake likuchokera ku dhikr ya Chiarabu, komwenso kunachokera sikiri yathu ya pa siyala ndi pa sadaka.

Sabata yatha ndinapita kukaona anganga kwa Mponda, mayi awo a mayi anga, maso anayamba kuchita khungu koma makutu ndi akuthwa kuposa anga. Kamtsikana kaja kanali konko, masiku ano olo kakamavina manganje ndi anzake kamayamba kagunda pansi nkudzigwira m'maso, anzake amakaseka iko kalibe nazo ntchito. Tili pamkeka ndinatsegula vidiyo ya goma ija osanena kanthu, foni nkuiika pafupi ndi khutu lawo. Anakhala chete, kenako phewa linayamba kugwedezeka lokha, dzanja likugunda pa bondo.

"Amenewa ndi a kuti, a kwa Makanjira?"

"Iyayi anganga, ndi a ku India."

"Usandinamize iwe mwana, mwenye angaimbe ng'oma chonchi? Tabwezera ndimvenso."

Ndinabwezera katatu, kachinayi bandulo inatha.